Tsiku la Bambo Ake a Mal-sun

Inu amene mwatopa n'kudikira, tamvani za Mal-sun.

Anali ndi zaka zitatu pamene asilikali a ku Japani anagwira bambo ake, a Deok-chil, kuti akakumbe malasha kutsidya kwa nyanja. Anapitiratu. Kalata ayi, mtembo ayi. Chopweteka koposa, panalibe wodziwa tsiku limene anafa. Nanga nsembe ya chaka ndi chaka akanaipereka liti? Mabanja ena akamayala mpunga ndi mowa patebulo la makolo, Mal-sun ndi mayi ake ankangozyolika.

Anakula akutumbula nsomba mumsika wa mumzinda wakwawo wa Busan, manja ali ming'alu yokhayokha. Ankadana ndi Ajapani, osabisa, ndipo ankalakalaka kukapeza mafupa a bambo ake.

"Iwe Mal-sun, mafupawo udzadya?" ankamuseka anzake amumsika. "Zisiye izi!"

"Bambo anu ali ndi tsiku lawo. Anga alibe," ankayankha motero.

Anadzikakamiza kuphunzira chinenero cha adani akewo. Katatu konse anawoloka nyanja, kulowa kachisi uyu ndi uyo momwe ankasungamo mafupa a akufa, osaphula kanthu. Iye ankafunsa za a Deok-chil, chonsecho atsamunda anali atawapatsa dzina lachijapani. Mayi ake anali atalumbira kuti dzinalo silidzatuluka pakamwa pawo. Analitchula akutsirizika: Katamura.

Ulendo wachinayi, imvi zitayamba, anafika pa kakachisi pafupi ndi mgodi wotsekedwa. Wansembe wokalamba, a Inokuchi, atangomva dzinalo analowa m'kati n'kutuluka ndi kamtsuko ka mafupa kokutidwa ndi nsalu yoyera. Anagwada, chipumi mpaka pansi.

"Mayi, anthu akwathu anakulakwirani kwambiri. Bambo anu anamwalira pa 9 Novembala 1944. Chaka chilichonse tsiku limeneli ndimawafukizira lubani, koma ndakhala ndikuwaitana ndi dzina losakhala lawo. Chonde ndiphunzitseni lenilenilo."

Mawu olasa amene Mal-sun anawasungira Mjapani zaka makumi anayi anamuthawa onse. Misozi ili chuchuchu, anangoti, "Deok-chil." Nkhalamba ija inabwereza, lilime likukana, mpaka inakhoza.

Tisanamizane, Mal-sun sanakhululuke tsiku lomwelo. Bala lake linali lakuya. Koma Novembala wotsatira, ku Busan, tebulo la a Deok-chil linayalidwa koyamba, ndipo wothira mowa ndi manja awiri pambali pa Mal-sun anali a Inokuchi.

Inunso mwina mwawoloka katatu n'kubwerako chimanjamanja. Osataya mtima, abale anga. Wolokaninso kachinayi.