Mthunzi Umene Ndinaba pa Njira ya ku Msoro

Tenti ndinaiiwala ku Jumbe. Nditapalasa njinga mpaka kufupi ndi Msoro, dzuwa lili pamutu, ndinaona nsalu yabuluu ndi yakuda itapachikidwa pamtengo. Ndinaimasula, n'kuikunga panjinga, n'kukhala mumthunzi wake ngati bwana.

Akashembe a chigwa chonse anafika. Ndikulumbira, wina atandilawa anabwerera kukaitana apongozi ake.

Bambo wina wokusa ng'ombe anaima. "Mwaswera bwanji, alendo? Mukudziwa kuti nsaluyo ndi msampha wa akashembe?"

"Ndikudziwa, bambo," ndinanama. "Boma landituma kudzaona ngati ukugwira ntchito."

"Ukugwiradi! Chonde musachoke, ng'ombe zanga zapumako lero."

Anakhala pachitsa n'kumandiyang'ana mwaulemu. Ndikanathawa bwanji, ine munthu wa boma? Ndinagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kupendeka, osadzikanda ngakhale kamodzi.