Bowo Lachitatu

Mwana wanga anabadwa pa 11 Malichi 1986, ndipo kuyambira tsiku lomwelo phazi lake lamanzere linali lotambalala kuposa lamanja. Anamwino sanazione zimenezo. Ndinaziona ndine pomusambitsa. Ndayamba ndi nkhani ya phazi chifukwa masiku ano kuli mayi wina, telala, m'tauni ina kutali ndi kuno, amene amalankhula za phazi limeneli ngati analiumba yekha.

Dzina loti Kamanzere anamupatsa ndi anzake pasukulu imene ine ndinkaphunzitsa. Mpira ukamufikira kumanja ankaunyengerera mpaka upite kumanzere, kenako goloboyi ankangokautola muukonde. Nsapato zake zoyamba zampira anamugulira ndi malemu bambo ake mu Disembala 1999. Yamanzere inkamuthina. Ndinasolola zingwe zonse n'kuzilowetsanso ndekha, momasula pang'ono, bowo ndi bowo, osadumpha ngakhale limodzi. Anakathamanga nazo panja, n'kubwera akuseka. Kuchokera pamenepo chinakhala chizolowezi chathu: tsiku la mpira lisanafike, nsapato zinkaikidwa patebulo, ine n'kusolola zingwe, n'kulowetsanso. Iye ankati akalowetsa yekha mpira umamukana.

Ku koleji ya aphunzitsi analowa mu Januwale 2005. Sikunali kutali, choncho Lachisanu lililonse ankabwera ndi nsapato m'kachikwama. Zaka zimenezo ndi zomwe anthu akuno amakumbukirabe. Pa 8 Seputembala 2007, pamasewero omaliza a mpikisano wa makoleji, anagoletsa zigoli zitatu, zonse ndi lamanzere. Anzake anamunyamula mpaka kuchipata. Atsikana anakuwa dzina lake mpaka mawu kusasa, koma amenewo sindinawachitire nsanje. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanadziwa pogwira nsapato ija.

Setifiketi yake ya uphunzitsi ndinaiika mu felemu. Sanaigwiritse ntchito. Mu Febuluwale 2008 timu yaikulu ya mumzinda inamutenga, ndipo atafika anapeza kuti akamanzere alipo kale atatu.

"Amayi," anatero pafoni, "kuno aliyense anali katswiri kwawo."

Anakhala pabenchi chaka ndi theka. Kenako anamubwereketsa ku timu ya kampani ya mabasi. Kuchoka kumeneko anapita ku timu ya mgodi, kenako ya fakitale ya sopo, imene inatsekedwa ligi ili pakati, osewera n'kubalalika ngati nkhuku. Anabwereranso ku mabasi, ndipo mu 2014 anakathera ku timu ya njanji. Kochi aliyense ankamubweza m'mbuyo pang'ono. Anayamba ali kutsogolo, anamuika pakati, mapeto ake anali wotchinga kumbuyo, ntchito yake kulanda mpira kwa ana amene ankathamanga monga momwe iye ankathamangira kale. Pawailesi dzina lake linkamveka akapatsidwa khadi lachikasu basi. Katundu wake yense anali sutikesi imodzi, ayironi ndi kambaula kamagetsi. Sanadandaulepo. Ankati bola akudzuka m'mawa n'kupita kumpira.

Kulikonse kumene ankapita ankapeza chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo kulikonse kunali "amayi". Amayi a kumgodi. Amayi a kusopo.

"Iwe, amayi ako alipo angati?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Aa, inutu ndinu oyamba."

"Oyamba? Ndiye kuti pali mzere?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke, komabe amayi amenewo sanandisowetse tulo. Chaka chikatha ankanyamula sutikesi n'kuwasiya. Nyengo ya mpira ikamayamba ankabwera kuno ndi nsapato zatsopano, ine n'kulowetsa zingwe, ndipo ankandilonjeza kuti kumeneko azingomanga ndi kumasula, osasolola.

Pa 2 Meyi 2015 wosewera wina anamuponda pamwamba pa phazi lamanzere, mafupa awiri n'kuthyoka. Nthawi imeneyo bambo ake anali chigonere, osatha ngakhale kudzitembenuza, ndipo sindikanawasiya. Anamwalira pa 19 Julayi. Masabata onsewo amene anasamala mwana wanga anali mwini nyumba wake, telala uja, mayi wamasiye wopanda mwana. Ndiye ankamutungira madzi. Ndiye anamusokera thalauza la mwendo umodzi waukulu kuti chikhakha chizilowa. Kumaliro a bambo ake anabwera ndi ndodo, atavala thalauza limenelo, anthu n'kumaliyamikira.

Phazi linapola, ndipo kwa nthawi yoyamba mwana wanga sanasamuke. Chaka chinatha, china, chinanso. Nsapato zinaleka kubwera kuno. Ankati ulendo ndi wautali. Ndikamuimbira foni nthawi zina ankayankha ndi mayi uja.

"Amake a mwana wathu! Mwadzuka bwanji kumeneko?"

Wathu.

Mu Ogasiti 2021 anandiuza kuti ligi ikatha asiya mpira. Mawa lake ndinapita kwa ahedi a sukulu yanga yakale, amene ndinawaphunzitsa ndekha masamu ogawa ali mwana, ndipo anavomera kumusungira malo a uphunzitsi kuyambira Januwale. Chipinda chake ndinachipakitsa penti. Makatani ndinagula osokasoka m'sitolo.

"Ubwera eti?" ndinamufunsa.

"Tikambirana, amayi. A timu akuti nditsale ndiziphunzitsa timu ya achinyamata. Koma bwerani mudzaonere masewero omaliza."

Ndinapita ndi cholinga chimodzi, kukamutenga mwana wanga.

Masewero anali pa 16 Okutobala. Ndinafika dzulo lake. Nyumba ya telalayo inali yaing'ono, makina osokera ali pakhonde, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Iyeyo anali wamfupi, tepi m'khosi, magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda. Anandilandira chikwama ndi manja awiri, anandipatsa bedi lake, iye n'kugona pamphasa. Ndinafunafuna chomunenera, osachipeza, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi cha mwana wanga atanyamulidwa kuchipata cha koleji. Chithunzicho ndinamupatsa ndine, kuti azikumbukira kwawo.

M'mawa tikumwa tiyi, Kamanzere anatuluka m'chipinda chake ndi nsapato. Anaima pang'ono, n'kuziika patebulo, pakati penipeni pa ine ndi mayi uja. Dzanja la mayiyo linayamba kuyenda lokha, monga dzanja lozolowera. Langa linafika msanga.

Ndinasolola zingwe. Pansi pa lilime la nsapato yamanzere panali kansalu kofewa kosokereramo. Sindinafunse. Ndinayamba kulowetsa monga ndinkachitira kuyambira 1999.

"Pepani amayi," anatero telala uja motsitsa mawu, "bowo lachitatulo timadumpha."

"Timadumpha? Inu ndi ndani?"

"Ine ndi iyeyu. Fupa linatukuka pamenepo chipolere. Chingwe chikadutsapo chimamudya."

"Phazi ili ndalidziwa lisanaponde pansi, mayi. Sindinadumphepo bowo."

"Zoonadi, amayi. Koma lija munkalidziwalo linathyoka."

Ndinayang'ana mwana wanga. Iye ankayang'ana m'kapu.

"Asiyeni amayi alowetse," anatero. Sanatchule kuti amayi ake ati, koma telala uja anabweza manja n'kuwaika pamiyendo. Ndinalowetsa mabowo onse.

Bwalo lawo lili kuseri kwa siteshoni ya sitima, lozunguliridwa ndi waya, mipando yake ya matabwa. Tinakhala pamzere wakutsogolo, ine ndi mayi uja, chikwama changa pakati pathu. Ochemerera anali atalemba dzina lake pansalu, ndipo ankamutchula kuti Mdala.

"Mdala, lero usatigwere! Penshoni ili pafupi!"

Poyamba anasewera bwino. Kenako ndinaona akuponda ndi m'mbali mwa phazi. Mpira ukabwera kumanzere ankautembenuzira kumanja, iye amene moyo wake wonse ankachita zosiyana ndi zimenezo. Mnyamata wa timu inayo anamudutsa kawiri ngati akudutsa mtengo, ndipo kachiwiriko chinali chigoli.

"Mdala wavala nsapato za eni!" anakuwa bambo wina kumbuyo kwathu, anthu n'kuseka.

Telala uja ankangopotokola tepi yake, imene anaiwala kuvula.

Nthawi yopuma itakwana, anzake a Kamanzere analowa m'chipinda chosinthira. Iye anabwera kuwaya akutsimphina, n'kukhala pansi, n'kuvula yamanzere. Sokosi inali ndi magazi pamwamba. Anaponya nsapato ija kudumphitsa waya, ndipo sanaiponyere ine. Mayi uja anaiwakha, anasolola chingwe, zala zake zikuthamanga ngati pamakina, anadumpha bowo lachitatu mbali zonse, n'kuibweza. Mwana wanga anandiyang'ana.

"Amayi, musakwiye. Yamanjayi ili bwino kwambiri."

Chigawo chachiwiri anali munthu wina. Chakumapeto anapatsidwa mpira woika pansi, chapatali ndithu ndi golo. Anaumenya ndi lamanzere, unapinda monga unkapindira ku koleji, n'kugunda mtengo wa golo, mnzake n'kuumalizira. Masewero anathera chimodzi kwa chimodzi. Anthu anamunyamula, ngakhale sanafike naye patali, poti Mdala analemera. Mayi uja ankalira, ndipo anandigwira dzanja. Ndinamulola.

Mawa lake mwana wanga anandiperekeza kokwerera basi, tili awiri. Anali atanyamula kachikwama.

"Ahedi akudikira yankho," ndinatero.

"Mukawathokoze, amayi. Choko sindingachithe. Ana ajawa ndiwo kalasi yanga." Anasinthira kachikwama kudzanja lina. "Komanso amayi ajawa maso ayamba kuvuta. Ulusi ndimawalowetsera ndine pasingano."

"Ine maso anga ndi abwino, ndiye ndalakwa?"

"Aa, amayi! Pa Khirisimasi ndibwera. Ndikulonjeza."

"Ubwere wekha."

Anangoseka. Basi itafika anandipatsa kachikwama kaja. Munali nsapato zija, matope ake osachotsa.

"Izi ndi zanu. Munaziyamba ndinu."

Ulendo wonse zinali pamiyendo panga. Ine nsapato, telala uja mwana. Ndinayesa kuziona mwa njira ina, koma sizinasinthe.

Kwa ahedi ndinapita pa 20 Okutobala. Malo aja anapatsa mtsikana wina wa masamu. Chipinda chija chikadali chopakidwa penti, ndipo pa Khirisimasi mwana wanga anagonamo masiku anayi. Anabwera ndi mayi uja, amene anayang'ana makatani anga n'kunena kuti mpendero wake ndi wokhota, angathe kundikonzera. Ndinamuuza kuti ndimawakonda okhota.

Nsapato zili pashelefu, pansi pa setifiketi. Tsiku lomwe ndinafika ndinazitsuka, ndinasolola chingwe cha yamanzere n'kulowetsanso bwinobwino, bowo lachitatu lomwe. Palibe phazi loti chimudye tsopano. Kansalu ka pansi pa lilime kaja kakadalipo. Ndayesa kukachotsa, koma mayi ameneyo amasoka zolimba.