Mpando Umene Unatsala Pang'ono Kubweza a Chimwala Kumudzi

Lamlungu lapitali, pamalo oimikapo magalimoto ku Festival City kuno ku Dubai, munthu wamkulu anatsanzikana nane ngati wopita kumanda. Chimene chinkamupha chinali mpando wa galimoto yanga.

Musafulumire kuseka. Ifenso tinaseka, koma titayamba tatuluka thukuta.

Munthuyo ndi a Chimwala, akwathu ku Dedza, amene amalondera pa hotela ina ku Al Garhoud. Ndi aakulu kwa ine, ndipo ndi iwowa amene anandilandira nditangofika kuno, n'kundiphunzitsa basi yokwera ndi sitolo yogulitsa ufa wosanunkha thumba. Lamlungu akakhala pa ofu, ine ndi akazi anga, mayi a Tadala, timanyamuka ku Al Twar n'kuwadutsira kumene kampani yawo imawagoneka, kuti tipitire limodzi kutchalitchi. Mwambo wathu mukuudziwa: wamkulu sakhala kumbuyo. Tikangoima, mayi a Tadala amatsika n'kukakhala kumbuyo ndi mwana. A Chimwala amakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu amakwera kutsogolo.

Galimotoyi ndi yakaunjika. Ndinagula ku Sharjah miyezi ingapo yapitayo, ndipo wogulitsa anati inachokera kudziko lina lozizira. Ine ndinangoyang'ana matayala, n'kumvetsera injini ngati munthu wodziwa, kenako n'kuyesa eyakoni, chifukwa kuno galimoto yosaziziritsa m'kati ndi uvuni woyenda. Zina zonse sindinafunse. Ntchito yanga ndi ya maakaunti, za mabatani a m'galimoto ndimasiyira eni ake.

Ndiye tsikulo titaweruka kutchalitchi tinapatukira ku Festival City kuti Tadala akadye ayisikilimu amene tinamulonjeza. Mayi ake atatsika naye, a Chimwala anandigwira pamkono.

"Achimwene, tatsalani kaye. Musazimitse injini."

Sindinazimitse. Mwezi uno ukazimitsa injini panja, ndiye kuti wadzikonzera wekha ng'anjo.

"Kontirakiti yanga ikutha mwezi wamawa," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Sindisainanso. Khalas, basi zatha. Ndikupita kumudzi."

Ndinadzidzimuka. Mwana wawo wamkazi, Esnati, ali pakati pa maphunziro a zauphunzitsi, ndipo chimene chikumusunga pasukulupo ndi miyendo ya bambo akeyo, imene imaima pageti la hotela kuchokera m'mawa mpaka madzulo. A Chimwala akachoka kuno, Esnati wabwerera kunyumba. Zimenezi tonse awiri tinkazidziwa, ndiye panalibe wozitchula.

"Mwayambana ndi abwana?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikudwala, achimwene. Impso zatha."

Anandifotokozera motsitsa mawu. Akuti moto umayambira m'chiuno, umakwera ndi msana, kenako umatsikira kumene munthu amakhalira. Akuti malemu akulu awo anayambanso choncho, kutentha m'chiuno, ndipo chaka sichinathe. Kumene amagona kuja anzawo amakamba kuti munthu akapezeka ndi matenda pa medikolo ya viza, amamukweza ndege ngati katundu. "Bola ndipite ndekha ndi ulemu wanga," anatero. "Ndikafere kwathu."

Mtima wanga unawawa kwambiri. Ndinawayang'ana, ndipo thukuta linalidi kutsika m'khosi mwawo pamene ine mphepo ya eyakoni inkandiziziritsa zala. Ndinati ndiitane mayi a Tadala, poti ndi namwino.

"Ayi, ayi! Alamu asamve zimenezi. Nkhani ya kumatako ndiikamba bwanji pamaso pa alamu?"

Ndinawaitanabe. Ulemu wina umapha.

Mayi a Tadala anabwera atagwira mwana padzanja, n'kutsegula chitseko cha mbali ya a Chimwala. Anamvetsera nkhani yonse, imene tsopano inkakambidwa moyang'ana pansi ndiponso modumpha mawu ena.

"Alamu, moto umenewu umabwera nthawi yanji?"

"Lamlungu lililonse. Masiku a ntchito ndimakhala chiimire, ndiye matendawo amabisala. Ndikangokhala pansi kuti ndipume, basi adzuka."

"Pa benchi kutchalitchi kuja amadzukanso?"

A Chimwala anaganiza pang'ono. "Ayi. Kumene kuja ndiye amaopa Mulungu."

Ndinaona mayi a Tadala akugwira pakamwa. Anawerama, n'kupisa dzanja m'mbali mwa mpando, pansi penipeni pamene pali chokokera mpando kutsogolo ndi kumbuyo. Panali kabatani, kakuyaka ngati khala laling'ono. Anakadina, kanathima.

"Alamu, mundikhululukire. Impso zanu ndi izi."

Kunena zoona, inenso sindinkadziwa kuti galimoto yanga ili ndi chinthu choterocho. Kwa anzanga amene muli ngati ine, nkhani yake ndi iyi. M'mayiko ozizira, munthu akalowa m'galimoto m'mawa mpando umakhala ngati mwala wa m'mtsinje. Ndiye opanga magalimoto anasokerera timawaya tating'onoting'ono pansi pa chikopa cha mpando, tokhotakhota kuyambira pokhalira mpaka potsamira. Ukadina kabatani, magetsi a galimoto amadutsa m'timawayamo, ndipo timatentha monga imachitira simbi yamagetsi, kungoti mofatsa. M'katimo mulinso kachipangizo komva kutentha, kamene kamadula magetsi mpando ukafika poyenera, n'kuwalumikizanso ukayamba kuzizira. N'chifukwa chake moto wa a Chimwala unkabwera n'kumapita, ndipo iwo ankati ndi mmene matenda aakulu amachitira. Magalimoto atsopano ambiri amathimitsa okha ukazimitsa injini. Yanga yakaunjikayi kabatani kake ukakadina kamakhala chidinikire mpaka wina adzakakumbukire.

A Chimwala sanakhulupirire msanga. Anakhala duu, manja pamaondo, akumvetsera thupi lawo. Patapita kanthawi anati, "Zikuzizira." Kenako anati, "Tayatsaninso." Mayi a Tadala anayatsa. Tinadikira tonse, mpaka Tadala amene anaiwala za ayisikilimu.

"Wabwera! Moto uja wabwera!"

Anaseka munthu wamkulu, akumenya dashibodi ndi chikhatho. Anaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, misozi yokha inapitirira, ndipo ine ndinapeza chochita ndi galasi loonera kumbuyo.

Funso limene linatsala linali lakuti, ndani wamisala amene amayatsa chotenthetsa mpando mu Dubai muno mwezi ngati uno? Wamisalayo anali akazi anga. Akuti kabatanika anakapeza tsiku lina akufunafuna ndolo imene inagwera pansi pa mpando. Loweruka madzulo ndikawatenga kuchipatala, amakhala atatukula odwala tsiku lonse, msana ukuwawa ngati wothyoka. Amangotsitsa dzanja mwakachetechete n'kudina, ndipo tikamafika ku Al Twar msana umakhala utamasukako. Lamlungu m'mawa amakhala ataiwala, n'kupereka mpandowo kwa alamu awo ndi manja awiri.

"Bwanji simunandiuze kuti msana ukukuvutani?" ndinawafunsa titafika kunyumba.

"Mukanatani? Mukanayamba kundiyang'ana ndi maso achisoni aja, n'kumati ndichepetse mashifiti. Mpandowu suyankhula, umangofunditsa."

Mwaona nyumba yathu? Wina akufunda msana mobisa, wina akupsa mobisa, woyendetsa ali pakati akuimba nyimbo za kwaya.

M'kati mwa sabata ndinakamba nkhani ya mpandoyi kuntchito, dzina la a Chimwala nditalisiya kunyumba, ndipo ndinapeza kuti eni magalimoto otere ali m'magulumagulu. Mnzanga wina wa ku Chipata, amene ntchito yake imamutengera kumayiko a chisanu, anati, "Iwe habibi, m'bale wanga, ukafika uko mu Januwale uzaziba kuti mpando uja ni mayi wako." Wina anati ndi chinthu chopanda ntchito kuno, iye akufuna mipando ija imene imapemerera mphepo yozizira kumsana, poti iliponso. Wachitatu anangotuluka kupita kukayang'ana galimoto yake. Anabwerako akuseka: kabatani kali pomwepo, ndipo wayenda nako zaka ziwiri akuyesa kuti n'kotsegulira buti. Ine maganizo anga anapita ku Dedza m'mwezi wa Juni, m'mawa nkhungu itakuta phiri. Kumene kuja mpando woterewu anthu akhoza kuupangira komiti.

Koma chimene chakhala chikundisowetsa mtendere si timawayato. N'chakuti munthu wamkulu, wanzeru zake, anakhala pamoto Lamlungu ndi Lamlungu osanena kanthu. Akanangoti, "Achimwene, mpando wanuwu ukutentha bwanji?" nkhani ikanatha tisanafike pa maloboti oyamba. Koma angatero bwanji? Galimoto ndi ya eni, ndipo wapatsidwa malo aulemu. Wokwezedwa sadandaula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife tinaleredwanso kuti mlendo safunsa zambiri, ndiye phulalo timadya tikumwetulira n'kuthokoza ophika.

Kuno kunja chizolowezichi chimakula. Tonse tinabwera kudzagwira ntchito, ndipo thupi ndilo khasu lathu. Ukati ukudwala umaona ngati waulula kuti khasu lagweluka. Ndiye timameza timapilitsi ta mutu m'bafa, n'kutuluka tikuti "alhamdulillah, tili bwino". Matenda timakafunsa kwa mnzathu wa bedi lapamwamba, amene digiri yake ya udokotala anaitenga m'basi ya kampani. Tikaimba foni kumudzi timakamba za mvula, za feteleza, za mbuzi imene yaswa. Ndi liti pamene munamvapo mwamuna wa kwathu akuuza mkazi wake pafoni kuti, "Ndikuopa"?

Sindikunena monyoza. Ndimawakonda anthu amenewa, ndipo kukhala chete kwawo n'chikondi ndithu. A Chimwala sankafuna kuti alamu awo achite manyazi, kuti ine ndione ngati akunyoza galimoto yanga, kapena kuti akazi awo asowe tulo. Ankateteza aliyense. Kungoti chikondi chomwecho chinatsala pang'ono kuchotsa Esnati pasukulu chifukwa cha kabatani kochepa ngati njere ya nyemba.

Mayi a Tadala sanalole kuti nkhani ithere pa kuseka. Tsiku lomwe lija, a Chimwala akupukuta maso, anawauza kuti, "Alamu, tachiza mpando, inu sitinakuyezeni. Akulu anu anapita ndi impso, ndiye tikayezetse." A Chimwala anayamba za inshallah, mwezi wamawa, ntchito ikachepa. "Pakadafunda padajiwitsa galu," anatero mayi a Tadala. "Lachitatu masana mupemphe mpata kuntchito. Yalla, tiyeni, tidzakutengani."

Lachitatu tinapitadi. Anakwera kutsogolo monga mwa masiku onse, koma asanakhale anawerama kaye n'kusuzumira m'mbali mwa mpando. Pakhomo la kiliniki anaima ngati mwana woyamba sukulu, n'kunena kuti, "Alamu, tilowe tonse." Analowa nawo.

Impso zili bwino. Chimene anawapeza nacho ndi kuthamanga kwa magazi, kumene sikunawatenthepo paliponse ndipo sankakudziwa n'komwe. Awapatsa mankhwala, awauza kuti achepetse mchere, ndipo ntchito apitiriza. Kontirakiti asaina.

Pobwerera anatulutsa foni. Anali atawauza kale akazi awo kuti mwezi wamawa akubwera "kudzapuma", osatchula chifukwa. Makutu awo ndi olemera pang'ono, ndiye foni amaikweza mawu, ndipo tonse tinamva.

"Mayi a Esnati, zija zobwera zija zasintha. Ndikhala kaye."

Mawu anamveka kuchokera ku Dedza, odekha.

"Ndiye mwapita kuchipatala?"

A Chimwala anatiyang'ana. "Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Mawu anu anasintha kalekale, bambo. Munasiya kufunsa za munda wa chaka chamawa, munayamba kundiuza kumene kuli makiyi ndi mapepala a nyumba. Ine tulo ndinasiya kugona. Ndimangodikira kuti mwina munena."

A Chimwala anachotsa foni pa sipika, n'kuiika kukhutu, n'kutembenukira kuwindo. Tinawasiya akambe, ndipo ulendo uno anayambira pachiyambi.

Ndiye inu achimwene, inu achemwali, amene mukuwerenga izi pa buleki, dzanja lina litagwira pamene pakuwawa: mukuti mwakhala chete kuti kumudzi agone tulo. Mukutsimikiza kuti akugona?