Chithunzithunzi cha Towera NyaShaba

Towera NyaShaba wa ku Edingeni anakula ngati mkazi aliyense wa kumeneko: nthanda ikatuluka ali pa mtondo, dzuwa likafika paliwombo watula khasu. Za belu ankangomva kwa a ku mishoni. Anakwatiwa mochedwa, ndipo mwana anamupeza atataya kale mtima, kamnyamata kotchedwa Malizani.

Azungu atamanga boma ku Mzimba, mwamuna wake anathawa ntchito ya mtengatenga. Amesenjala posamupeza anagwira mkazi, khanda lili kumsana, kuti akasenze njerwa mpaka wothawayo atabwera. Inu, chilungamo cha masiku amenewo!

Kapitawo wa panjerwa anali Jonasi, munthu woseka ndi mano okha. Makanda a amayi osenza njerwawo ankawagoneka pansi pa msuku, tsidya la khwawa, ndipo lamulo lake linali limodzi: mayi akayamwitse pokhapokha chithunzithunzi chake chikalowa pansi pa mapazi. Lamulolo analiika m'chilimwe, dzuwa likamadutsa pamutu penipeni. Koma Towera anafika atakolola, chisanu chitayamba. Ndani sadziwa kuti nyengo imeneyo dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo chithunzithunzi chimafupika pang'ono n'kuyambanso kutalika osafika kumapazi? Jonasi ankadziwa bwino lomwe, galu ameneyo. Njerwa zinkachuluka, mzungu n'kumamuyamikira.

Makanda ena anali oyamba kale phala. Malizani ankadalira bere lokha, ndipo ankalipeza m'mamawa ndi madzulo basi. Usana wonse ankalira, mayi ake akumva, mkaka ukunyowetsa nsalu.

"Adada, ndapota, mwana wanga akufa ndi njala," anatero Towera atagwada.

"Yang'ana pansi, mama," anayankha Jonasi. "Chalowa? Ine sindikukaniza. Kadandaule kwa dzuwa."

Tsiku lina Towera ananjuta n'kuyala nsalu yake mozungulira kuti abise chithunzithunzicho, nati chalowa. Jonasi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anamukwapula ndi chikoti kumsana, pomwe ankaberekera mwanayo. Kuyambira pamenepo mkaka unayamba kuuma, ndipo kulira kwa Malizani kunkachepa tsiku ndi tsiku.

M'mawa wina wa mphepo kulira kuja sikunamveke konse. Towera anataya njerwa pansi, nathamanga kuwoloka khwawa, chikoti osachiopanso. Anamupeza Malizani atazizira, nyerere zili m'makona a pakamwa. Analira maliro a kwawo, amayi anzake ataima ndi njerwa pamutu, misozi ili chuchuchu, koma palibe amene anasuntha phazi.

Towera ananyamula mwanayo m'manja, nabwera naye kwa Jonasi.

"Adada, ndiloleni ndikamuike kwathu."

Jonasi anayang'ana kamtemboko, nayang'ana kumwamba, natosa pansi ndi chikoti.

"Pepa chomene, mama. Kamugoneke pamsuku paja, utole njerwa zako. Ukamuika pa nthawi yoyamwitsa."