Kumbuyo kwa Galimoto ya Mzungu

Nditasiya sukulu ndinkayendetsa lole ya mmwenye. Tsiku lina ndinanyamula amayi ndi mlongo wanga Agnesi, matenda a uchembere atamuyamba, kuchokera ku Kasenengwa kupita kuchipatala ku Fort Jameson. Kutsogolo kwathu galimoto ya mzungu wolima fodya inkayenda ngati nkhono. Masiku a Chitaganya munthu wakuda sankamwetsa mzungu fumbi.

"Iwe, ipitirire galimotoyo!" anakuwa amayi kumbuyo.

"Injini yatentha," ndinanama.

Mwana anabadwira pa matumba a mtedza, ine ndikukwawabe. Titafika m'tauni galimoto ija inaima, ndipo munatuluka khukhi wa mzunguyo, yekhayekha, atavala chipewa cha bwana wake.

Mpaka lero Agnesi amatukwana lole ya mmwenye. Ine ndimamuthandiza kutukwanako.