Kaswichi ka Pansi pa Chiwongolero

Galimoto ya alamu anga ija, ine sindinaikonze. Ndinangovomera ulemu.

Anandibwereka kuti ndiperekeze amayi a kumpingo kwathu kumaliro ku Nsaru. Pobwerera, galimoto inakana kulira. Ndinatsegula boneti, n'kugwedeza mawaya, n'kugogoda batire ndi mwala ngati ndikudziwa kanthu.

"Yavuta pati, bambo?" anafunsa mayi Nabanda, mtsogoleri wawo.

"Batire latha mphamvu, mayi. Pafunika kukankha."

Anamangitsa zitenje n'kuyamba kukankha m'matope, atavala mabulauzi awo oyera aja. Tikudutsa pachigayo, bondo langa linagunda kaswichi kobisika koteteza galimoto kwa akuba. Alamu anandionetsa m'mawa womwewo, ndipo ndinakazimitsa ndekha titafika kumaliro. Ndinasuzumira pagalasi n'kuona mayi Nabanda ali wefuwefu, nsapato imodzi itatsalira m'matope. Ndinakatosa kaswichi kaja mwakachetechete, galimoto n'kulira.

"Komatu inu ndi makaniko, eti," anatero akupukuta thukuta.

Sindinatsutse. Alamu atamva nkhaniyi anagula batire latsopano, lakalelo n'kundipatsa ine pondithokoza. Mpaka lero ndi lomwe limaliza wailesi kwathu, ndipo silinandivutepo.