Dzenje la Pakhomo pa Mnzako

Nyumba yanga ku Caledonia ndi yomaliza pa mzere wathu, pamene msewu umathera m'dambo, ndipo a makombi, maminibasi a kuno, safikako ngakhale muwachonderere bwanji. Ndinasamukirako nditatopa ndi uloja, moyo wa pa lendi, ku Warren Park, m'kachipinda kakuseri, kumene mwini nyumba ankabwera kudzagwira ayironi yanga kuti aone ngati yatentha, poopa bilu ya magetsi. Ndinati bola mdima wa pa sitandi, puloti yangayanga.

Mdimawo unatikwana tonse. Kampani ya magetsi inatiuza kuti itilumikiza tikadzipezera tokha thiransifoma, mapolo ndi waya, ndiye tinayambitsa bungwe lathu. Pa lamulo loyamba, nyumba iliyonse inali membala, ndipo membala aliyense anali ndi dzanja limodzi pa voti, kaya amagona m'kabini ya matabwa kaya m'nyumba ya zipinda khumi.

Lamulo lachiwiri ndinabwera nalo ndine, koma sindinalipeke. Malemu bambo anga, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno kudziko la Ashona, ankati kwathu ofedwa sakumba manda. Amakumba ndi adzukulu, anthu a mbali ina, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye ndinati maenje a mapolo tiwachite chimodzimodzi, munthu asakumbe la pakhomo pake, akumbe la mnzake. Anzathu Achishona anaseka kuti inu a ku Malawi chilichonse mumayambira ku maliro, koma manja anakweza.

Ine linandigwera dzenje la pa shopu ya bambo wina wowotcherera zitsulo, amene tinamusankha kukhala tcheyamani. Pamenepo ndi pa thanthwe, abale anga. Ndinalimbana napo ndi piki mpaka matuza anaphulika n'kumeranso ena. Langa anakumba ndi mnzanga wa pamtima, mayi wa ana amapasa, amene nyumba yake ili pafupi ndi thiransifoma. Mumzere wonse ndi iye yekha amene ndinkacheza naye Chichewa mpaka kukhuta, pakuti ana anga omwe amandiyankha m'Chishona.

Mapolo anatha tisanafike kumapeto. Nyumba zinayi za kudambo tinatsala ndi maenje okhaokha, mukugwera nkhuku. Pa msonkhano wa Lamlungu masana tcheyamani anaimirira n'kunena kuti thiransifoma iyatsidwe, a kumtunda ayambe kugwiritsa ntchito magetsi, ife a kudambo tidzaganiziridwa. Analankhula mofatsa, ndipo sanali munthu woipa ayi, anali ndi makina ake amene ankangochita dzimbiri. Koma kudzaganiziridwa ine ndimakudziwa. Munthu akayatsa babu m'nyumba mwake sabweranso kudzapsa ndi dzuwa la Lamlungu pokambirana za mdima wa wina.

Ndinaimirira.

"Bambo tcheyamani, polo ya pa shopu yanu yaima m'dzenje langa. Ngati bungwe lathera pamenepo, zulani polo yanuyo, ine ndikwirire dzenje langa."

Anthu anaseka, ine osaseka. Kenako agogo ena a kudambo, bambo okalamba amene anakumba pa golosale, anati nawonso akufuna lawo. Aliyense anayamba kutembenuka kuyang'ana amene anamukumbira, kuseka kuja n'kuzilala. Ndinapempha voti yoti thiransifoma isayake mpaka polo yomaliza itaima. Tinapambana, koma pang'ono zedi, moti anachita kuwerenga manja kawiri. Dzanja la mnzanga uja silinachoke pa chitenje chake.

Ndinkadziwa chifukwa chake. Anali atagula kale filiji yaikulu kuti nyengo yotentha azigulitsa mafiriziti, tizakumwa toundana ta m'timapulasitiki, pa geti la sukulu, mapasa ake asathamangitsidwe m'kalasi chifukwa cha fizi. Kutentha kunabwera n'kupita, mvula inagwa n'kusiya, filiji ili m'chipinda akusungiramo mabulangete. Kuzizira kutayamba anaigulitsa. Tsiku limenelo anandipeza pa chitsime ndikutunga madzi, ndowa yake sanaitule n'komwe.

"Achemwali, dzenje lanu ndinakumba ndine. Zikomo wake ndi ameneyu?"

Ndinamuuza kuti dzenjelo anakumba kuti muime polo, osati muziswana achule. Ndinalankhula mwaukali kuposa mmene ndinkafunira, ndipo zinandipweteka mpaka ndinalephera kudya tsiku limenelo, koma mawu anga sindinawabweze. Miyezi imeneyo ndinamva zambiri. Ankati ndine mlendo wouma mutu, ndibwerere kwathu, chikhalirecho ine ndinabadwira ku Mbare, mu mzinda womwe uno, ndipo Dedza ndinangomumva m'kamwa mwa bambo anga. Ndikafika pa msika nkhani zinkatha, ine n'kumagula tomato wanga bwinobwino, n'kupemphanso basera.

Komatu mapolo anabwera. Anabwera imodziimodzi, chifukwa a kumtunda, pofuna kuti magetsi awo ayake, ndi amene tsopano ankagogoda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu zosonkha ndalama za bungwe. Tcheyamani yemwe uja ananyamula polo yanga pa lole yake, ndipo loleyo itatitimira m'matope pa dambo anatsika n'kusenza nawo paphewa. Pondipatsa moni anangoti mayi inu ndinu ovuta, ine ndinati zikomo bambo. Mzere wonse unayaka tsiku limodzi, ola limodzi, kuyambira pa golosale mpaka kwa ine.

Wina andifunse lero ngati ndingachitenso, ndichitanso, ndipo ndiimirira msanga kuposa pamenepo. Koma mapasa aja anakhala pakhomo temu yathunthu, ndipo zimenezo sindingazikane. Mayi wawo mpaka lero sandipatsa moni. Timakhala benchi imodzi ku tchalitchi, iye uko ine uku. Ndikamadutsa pa geti lake m'mawa ndimaima, n'kumufunsa mokweza m'Chichewa kuti mwadzuka bwanji achemwali, ndipo ndimadikira pang'ono ndisanapitirire.